Zaluso za mu Lusaka zisabisale kuseri kwa mageti

Azakhali anga anabwera kuchokera ku Katete mwezi wa June kudzaonetsa mwendo wawo kuchipatala. Atauzidwa kuti adikire masabata awiri, anayamba kutopa ndi kukhala m'nyumba kwathu ku Mtendere, poti munthu wozolowera kumunda sakhalitsa pampando. Loweruka lina ndinawatenga kuti tikaone chionetsero cha zaluso m'nyumba ina ya kumayadi. Tinakwera basi, tinatsika pamsewu waukulu, kenako tinayenda wapansi pang'onopang'ono m'mbali mwa makoma aatali okhala ndi mawaya amagetsi pamwamba. Pageti panalibe chikwangwani choti munthu n'kuchiwerenga ali patali. Ndinagogoda. Mlonda anatsegula kazenera ka pagetipo, natiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kufunsa kuti, "Mufuna ndani?" Sanali wamwano ayi, amagwira ntchito imene anamulembera. Koma azakhali anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Iwe mwana, tiye tibwerere. Pano ndi pakhomo pa eni."

Sitinabwerere. M'katimo munali zii, makoma oyera, pansi posesedwa bwino. Pakona ina mnyamata wina waluso anali atapachika zitenje zakale kuchokera kudenga, zina zong'ambika, zina zofwifwa ndi dzuwa, chilichonse chomangidwa mfundo kunsonga monga amayi amamangira ndalama. Pansi pake anamwaza makala ozima, n'kuikapo mbale zamalata zovundikira. Pakhoma panali kapepala ka Chingelezi, ndime ziwiri, zimene ine ndinawerenga kawiri osagwira mutu wake. Azakhali sanakayang'ane n'komwe. Anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo, kenako anati, "Apa pagwa maliro. Taona, moto wazima, mbale azivundikira. Zitenjezi ndi za azimayi ogona m'siwa, ndipo m'mfundomu muli chipepeso." Mtsikana woyang'anira chionetserocho anawamva, anadzuka padesiki, nabwera. "Agogo, mwadziwa bwanji? Mwiniwake anachipanga amayi ake atamwalira." Anacheza awiriwo m'Chinyanja pafupifupi theka la ola, ndipo zimene ndinamva pamenepo zinaposa kutali zimene zinali pakapepala paja.

Kuyambira tsiku limenelo sindilolanso munthu kundiuza kuti anthu wamba a mu Lusaka sangamvetse zaluso zamakono. Mawuwa ndawamva kumbali zonse ziwiri. Ena mwa oyendetsa nyumba za zaluso amati anthu athu sabwera chifukwa alibe nazo chidwi, ndipo ife a m'makomboni timayankha kuti zimenezo n'za azungu ndi apamwamba. Onse awiri akulakwitsa. Maso tili nawo. Zimene zikutitchinga ndi geti, mtunda ndi chinenero, ndipo zitatu zonsezi anaziika ndi anthu, choncho anthu angathe kuzichotsa.

Ife a kum'mawa makamaka tisanamizane. Munthu amene anakulira ku Katete, ku Chadiza kapena ku Chipata anaphunzira kuwerenga chinthu chopanda mawu asanagwire ndi pensulo yomwe. Za kudambwe sindizikhudza, si zanga kuziulula. Ndikunena zimene aliyense amaona pabwalo. Kasiyamaliro akatuluka, mbee ndi kuwala kwa mwezi, palibe amene amafunsa kapepala kofotokoza. Simoni akabwera ndi nkhope yake yofiira, ngakhale mwana amadziwa mtundu wa munthu amene akudzudzulidwa. Gule Wamkulu ndi mwambo, ndipo sindikumuika m'gulu la katundu wogulitsa. UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, pamodzi ndi Makishi a kumpoto chakumadzulo. Mfundo yanga ili pa diso limene mwambowo umasula mwa munthu, diso lodziwa kuti mtundu wa utoto uli ndi tanthauzo, kuti kavalidwe kamalankhula, kuti chinthu chikhoza kuoneka usiku umodzi n'kusowa koma uthenga wake n'kukhala zaka. Makolo athu anajambula pamatanthwe ku Thandwe kufupi ndi Chipata, ku Mkoma ku Katete, ndi ku Chongoni ku Dedza m'Malawi, kumene kuli malo 127 okhala ndi zojambula. Mpaka lero amayi akumudzi amazira makoma ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera, aliyense ndi kapangidwe kake. Chimene akunja amachitcha installation, chinthu choimikidwa pamalo kwa kanthawi, chopangidwa ndi zotola pafupi, choti munthu achizungulire ndi thupi lake lonse, si chachilendo kwa mwana wa Mchewa.

Ndipo Lusaka si wosauka pa zaluso monga ambiri amaganizira. M'kati mwa Showgrounds muli Henry Tayali Gallery, likulu la bungwe la ojambula ndi osema la Visual Arts Council, yotchedwa dzina la wojambula ndi wosema amene anabadwa mu 1943 n'kumwalira mu 1987. Pa Independence Avenue pali Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996, ndipo chipinda chake chachikulu chapansi chimaonetsa ntchito za amisiri amakono. Pa Lagos Road ku Rhodes Park pali nyumba ya Lechwe Trust. Ku Kabulonga kuli 37d Gallery, ndiye mumzinda muno mulinso Modzi Arts, Everyday Lusaka imene imasamala kwambiri za zithunzi za kamera, ndi Lusaka Contemporary Art Centre imene anayambitsa a Victor Mutelekesha. Zambiri mwa nyumbazi sizilipiritsa polowa. Mukhoza kulowa, kuona, kufunsa mafunso, n'kutuluka osagula kanthu, ndipo palibe amene angakuthamangitseni. Ndi anthu angati ku Kanyama kapena ku Matero amene anauzidwapo zimenezi?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nthawi ya Show. Kumapeto kwa July ndi kumayambiriro kwa August anthu amakhamukira ku Showgrounds ngati nyerere, ana atagwira mabaluni, makolo akuona ng'ombe zonenepa ndi mathirakitala. Khamu lonselo limakhala likuyenda m'bwalo lomwelo mmene muli nyumba ya Tayali. Ndafunsapo anzanga amene sanaphonyepo Show chiyambire ubwana wawo, ndipo ambiri sanalowemo, ena sadziwa n'komwe kuti ilipo. Munthu salowa m'nyumba imene sanaitanidwe. Umu ndi mmene tinaleredwera, timaima pakhomo n'kunena kuti odi, ndipo ngati palibe woyankha kuti lowani, timabwerera. Amene amayendetsa nyumba za zaluso ayenera kumvetsa khalidwe limeneli. Chitseko chongotsegula sichokwanira kwa ife. Pafunika munthu pakhomo, wolankhula chinenero cha mumsewu, wonena kuti lowani, n'zaulere, bwerani ndi ana.

Pamene ife tikuzengereza pageti, anthu akunja sakuzengereza. Misika ya zaluso za mu Africa yakula kwambiri. Ku Johannesburg msika wotere unayamba mu 2008, ndipo lero umatchedwa FNB Art Joburg. Ku Cape Town kumachitika wina mwezi wa February. Wotchedwa 1-54, dzina lochokera ku mayiko 54 a kontinenti imodzi, anauyambitsa a Touria El Glaoui ku London mu 2013, ndipo unafalikira ku New York ndi ku Marrakech. Ku Nigeria ART X Lagos inayamba mu 2016. Ndinapitako kamodzi ku wa ku Johannesburg, m'holo yaikulu ya ku Sandton. Nyumba iliyonse ya zaluso imachita lendi kachipinda ka makoma atatu kwa masiku owerengeka, imalipira ndege, mabokosi onyamulira ndi inshuwalansi, ndipo ntchito ikagulidwa imatengapo gawo lake, kawirikawiri pafupifupi theka. Ogula akuluakulu amalowetsedwa tsiku loyamba, anthu wamba asanaloledwe. Pamene ine ndimalowa, mapepala ambiri a pambali pa zojambula anali kale ndi kadontho kofiira, kusonyeza kuti chagulidwa. Ndinaima patsogolo pa chinsalu china chachikulu cha mnyamata wa kwathu kuno, chojambula azimayi ogulitsa tomato m'mbali mwa njanji, kadontho kofiira kali pambali. Ndinakondwa chifukwa cha iye, koma mtima unandiwawa podziwa kuti chinsalucho chikupita kukapachikidwa m'chipinda chodyera cha munthu wina kutsidya kwa nyanja, ndipo azimayi ojambulidwawo sadzachionapo.

Wojambulayo sindimuimba mlandu. Penti yabwino ndi chinsalu zimachokera kunja ndipo zimadula, lendi ya nyumba siidikira, ana akufuna ndalama za sukulu. Munthu amagulitsa kumene kuli wogula. Koma tiyeni tione zimene tikutaya. A Anawana Haloba, obadwira ku Livingstone, anaonetsa ntchito yawo ku Venice Biennale, chionetsero chachikulu cha zaluso cha ku Italy, mu 2009. A Stary Mwaba anatenga nkhani ya a Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi uja amene mu 1964 ankafuna kutumiza Azambia kumwezi, n'kuipangira ntchito zimene zinakaonetsedwa mpaka ku Berlin. A Gladys Kalichini amafufuza za azimayi amene mbiri ya dziko inawakankhira pambali, monga Mama Julia Chikamoneka ndi Alice Lenshina. Izi ndi nkhani zathu zenizeni, zimene agogo athu amazikamba madzulo. N'zomvetsa chisoni kuti wophunzira wa ku Germany angadziwe bwino ntchito za anthu amenewa kuposa mwana wa giredi 12 wa ku Chawama.

Pali anthu amene anaona vutoli kale. Mu 1986 a Cynthia Zukas, a Bente Lorenz ndi a Tayali anayambitsa Lechwe Trust, ndipo imodzi mwa ntchito zake inali kugula zaluso zabwino kuti zisatuluke m'dziko. Chojambula chotchuka cha a Tayali chotchedwa Destiny chinakhala kunja zaka zambiri, ndipo bungweli ndi limene linachigula kuti chibwerere kwawo. Anasonkhanitsa ntchito kwa zaka zoposa 30 asanapeze nyumba yawoyawo yozionetseramo mu 2018. Kuleza mtima kotero n'koyenera ulemu. Koma ntchito yoteroyo siyenera kusiyidwa m'manja mwa anthu ochepa amtima wabwino. Tili ndi National Arts Council, khonsolo ya dziko lonse yoona za zaluso, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1994. Tili ndi mabanki, makampani amigodi ndi amafoni amene amamanga maofesi agalasi n'kupachikamo zithunzi zosindikizidwa kufakitale za mapiri a kumayiko ena. Ndalama yogulira ntchito imodzi ya mmisiri wa kuno pachaka sangaisowe. Ndipo kwa nyumba zimene zimapita ndi ntchito kumisika yakunja, pempho langa ndi laling'ono: musanazitseke m'mabokosi, zionetseni kuno sabata imodzi, pamalo ofikika ndi basi imodzi.

Umboni wakuti anthu a mu Lusaka amakonda zaluso zikaikidwa panjira yawo uli poyera. Freedom Statue, munthu uja wodula maunyolo pa Independence Avenue, inaimikidwa mu 1974 pokumbukira zaka 10 za ufulu. Anaiumba ndi James Butler wa ku Britain, potengera nkhani ya womenyera ufulu wina, a Zanco Mpundu Mutembo, ndipo yakhala pa ndalama zathu zamapepala kwa zaka zambiri. Palibe munthu wa mumzinda uno amene amafuna womasulira kuti aimvetse. Ku yunivesite ya UNZA pa Great East Road kuli The Graduate ya a Tayali, womaliza maphunziro atavala mkanjo, buku kudzanja lina, khasu kudzanja linalo. Tsiku la mwambo wa omaliza maphunziro mabanja amaima pamzere kuti ajambulitse pamenepo, ndipo mayi wochokera kumudzi akaona khasulo amadziwa kuti thukuta lake silinaiwalidwe. Panja pa National Museum anaimikapo chiboliboli chotchedwa Anti Retroviral Man, chowotcherera ndi zitsulo za mabedi akale ochokera kumalo osamalira odwala kwambiri, potengera a Winstone Zulu, amene anali woyamba m'dziko muno kuulula poyera kuti ali ndi HIV. Banja lililonse limene linadutsa m'zaka za m'ma 1990 limadziwa kulemera kwa bedi lachitsulo lotero.

Nanga n'chifukwa chiyani zoterezi zili zowerengeka? Mzindawu wakula, misewu yatsopano ndi milatho yodutsa pamwamba yamangidwa, mashopu akuluakulu amera paliponse. Malo amene diso la munthu limagwera akakhala m'basi pamzere wa magalimoto tawapereka kwa zikwangwani za ngongole, za kubetcha mpira ndi za mabando a foni. Mwana wokulira mu Lusaka lero amaona chithunzi cha munthu wopambana juga kambirimbiri pa tsiku, koma akhoza kumaliza sukulu osaonapo chosema chimodzi cha a Flinto Chandia. Chonsecho amisiri tili nawo m'mphepete mwa msewu momwemo. Pitani pa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga muone anyamata owotcherera zitsulo mmene amapindira chitsulo kukhala duwa la pageti. Pitani ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road muone manja a osema mitengo. Onani zithunzi za mametedwe zojambulidwa pamakoma a mababashopu. Khonsolo ikanati chaka chilichonse ipereke bwalo limodzi la pamphambano kwa waluso mmodzi, agwire ntchito pamodzi ndi owotcherera a m'dera lomwelo, m'zaka khumi mzindawu ukanakhala ndi nkhope ina.

Ndikudziwa zimene ena anena, ndipo sindizipeputsa. Anena kuti unga wadula, magetsi akuzimazima, madzi m'makomboni ndi ovuta, ndiye munthu angaganize bwanji za zojambula? Njala ndi yeniyeni, ndipo ine sindingauze mayi wosowa chophika kuti chithunzi chimukhutitsa. Koma tayang'anani mmene anthu osauka omwewo amakhalira. Mayi wa ku Chibolya amasankha chitenje kwa mphindi makumi atatu pa Kamwala, akuyerekeza mitundu. Dalaivala wa basi amalipira wolemba kuti amukongoletsere galasi lakumbuyo ndi mawu. Pamaliro, ngakhale banja litasowa chotani, limayesetsa kuti pakhale nkhata ya maluwa. Umphawi sunachotse mwa ife chilakolako cha chinthu chokongola ndi chatanthauzo. Amene amati osauka adikire kaye kukhuta asanaone zaluso amakhala akuwalanda chinthu chachiwiri pamwamba pa choyamba.

Ena anena kuti zoikidwa panja zidzabedwa ndi ogulitsa zitsulo zakale. N'zoona kuti zivundikiro za ngalande ndi zikwangwani za mumsewu zimasowa usiku. Koma si chosema chilichonse chiyenera kukhala cha mkuwa. Pali mwala, pali simenti, pali khoma ndi penti. Ndiponso anthu amateteza chimene amachiona ngati chawo. Chinthu chimene chatsitsidwa pa lole usiku popanda wofunsidwa chimakhala cha boma, ndipo cha boma chilibe mwini. Chimene anapanga ndi mwana wa m'dera lomwelo, anthu akuona, marasta a pakona ndi amayi a pamsika atathandiza kunyamula mchenga, wakuba amachiopa.

Za chinenero ndiye pali mkangano weniweni. Wina adzati Lusaka ndi wa mitundu yonse, muli Abemba, Atonga, Alozi, Alunda, ndipo Chingelezi ndicho sichikondera. Ndikumva. Koma Chingelezi cha pa mapepala aja si chimene timalankhula ku ofesi kapena kutchalitchi. Ndi chinenero cha akatswiri polemberana okhaokha, cholembedwa kuti wogula wa ku London aone kuti wojambulayo ndi wophunzira. Sindikunena kuti achichotse. Ndikunena kuti pansi pake alembe mizere itatu m'Chinyanja, chimene ana a mu Lusaka amaphunzira kusukulu ndipo chimamveka pamsika wa Soweto ndi pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower, ndi mizere itatu m'Chibemba. Alembe zosavuta: wapanga ndani, wachokera kuti, wagwiritsa ntchito chiyani, chinamukhudza n'chiyani. Mtengo wake ndi pepala limodzi. Ndipo ndikukhulupirira kuti waluso amene angayese kufotokoza ntchito yake m'chinenero cha amayi ake adzazindikira msanga ngati ali ndi chonena kapena amangobisala m'mawu aatali.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Aphunzitsi amene mumatenga ana kukaona nyama ku Munda Wanga, onjezani ulendo umodzi wa ku nyumba ya zaluso. Makolo amene Lamlungu mumayenda ndi ana m'mashopu osagula kanthu, kungoti aone magetsi, yesani Loweruka limodzi ku Showgrounds kapena ku Lagos Road. Mukalowa musachite manyazi kunena kuti ichi sindikuchimva, kapena ichi sichinandisangalatse. Waluso amafuna kumva zimenezo kuposa kuombera m'manja kwa anthu amene abwera kudzamwa vinyo waulere tsiku lotsegulira. Ndipo ngati muli ndi kangachepe, si zonse zimagulidwa ndi madola. Pali zosindikiza papepala ndi zojambula zazing'ono za ophunzira a ku Evelyn Hone College zimene mtengo wake sufika pa wa foni imene ili m'thumba mwanu.

Azakhali anabwerera ku Katete mwendo utapepuka. Patapita mwezi anandiimbira foni, ndipo titamaliza za matenda ndi za mbewu anafunsa kuti, "Kodi azibale a mwana uja, azimayi amene anagona m'siwa mwa amayi ake, anapita kukaziona zitenje zija?" Ndinapitanso kunyumba ija kukafunsa. Chionetsero chinali chitatha, makoma ali oyera, ndipo zitenje zinali zitapindidwa m'bokosi lamatabwa lolembedwa adiresi ya ku Cape Town. Mtsikana uja anandikumbukira. Anati azibalewo amakhala ku Chawama, anaitanidwa, koma kuchokera kumeneko ndi mabasi awiri ndi ulendo wapansi, ndipo pa masabata atatu onse sanabwere ndi mmodzi yemwe.